Cyclotron: mafunso ndi mayankho pa kayendetsedwe ndi kakonzedwe ka makina othamangitsa tizidutswa ta atomu

Mafunso ali m'munsimu ndi amene ophunzira a fizikisi, aphunzitsi a kusekondale ndi makolo ena amabwereza kawirikawiri akamva kuti ku South Africa kuli makina othamangitsa tizidutswa ta atomu. Chitsanzo chathu chachikulu ndi cyclotron ya ku iThemba LABS, kufupi ndi Cape Town, ngakhale titchulanso za ku Switzerland ndi Canada pamene nkhani ikufuna.

Kodi cyclotron ndi chiyani?

Ndi makina amene amatenga tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi, monga mapulotoni, n'kutithamangitsa mozungulira mpaka titafika pa liwiro lalikulu, kenako n'kutiponya pa chandamale. Mtsinje wa tizidutswa umenewu ogwira ntchito amangouti bimu.

Ntchitoyi imagawanidwa pawiri. Maginito amakhotetsa njira ya kachidutswa kuti kazizungulira, koma sakawonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Chokankha ndi magetsi osinthasintha amene ali pa mpata wa pakati pa zitsulo zamphako. Kakadutsa pa mpatawo kamakankhidwa, liwiro limakwera, ndipo bwalo limene kakuzungulira limakula. Kamayambira pakati n'kumatambasuka ngati chigoba cha nkhono mpaka kukafika m'mphepete. Zonsezi zimachitika m'chipinda chochotsedwa mpweya, chifukwa kakanati kazigundana ndi mpweya sikakanafika patali.

Bwalo likamakula, zimatheka bwanji kuti kukankhako kuzikumanabe ndi kachidutswa pa nthawi yake?

Apa ndi pamene pagona nzeru yonse ya makinawa. Liwiro likawirikiza kawiri, bwalo nalonso limakula kawiri, choncho nthawi yozungulira kamodzi imakhala yomweyo. Kachidutswa ka pakati ndi ka m'mphepete timafika pa mpata limodzi. Magetsi angosintha mbali pa kamvekedwe kamodzi osasintha, monga amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi misi osagundana.

Pulotoni ikakhala m'maginito a mphamvu ya tesla imodzi imazungulira maulendo pafupifupi 15 miliyoni pa sekondi. Umenewu ndi mlingo wa mafunde a wailesi, n'chifukwa chake zipangizo zokankhira amazitcha RF (chidule cha radio frequency), ndipo zimafanana kwambiri ndi makina oulutsira mawu pa wailesi.

Anayambitsa ndani?

Ernest Lawrence wa pa yunivesite ya California ku Berkeley anaganiza njirayi mu 1929. Wophunzira wake, M. Stanley Livingston, ndiye anamanga yoyamba yogwira ntchito kumayambiriro kwa 1931. Inali kanthu kokwana m'dzanja, masentimita pafupifupi 11 m'mimba mwake, ndipo inafikitsa tizidutswa pa mphamvu ya 80 keV, imene ndi 0.08 MeV chabe. Lawrence analandira mphotho ya Nobel mu 1939.

Kodi MeV ndi chiyani, nanga K200 imene imalembedwa pa makina ena?

MeV ndi muyezo wa mphamvu ya kachidutswa kamodzi: mphamvu imene pulotoni ingapeze itakankhidwa ndi mavolti miliyoni imodzi. Pulotoni ya 200 MeV imathamanga makilomita pafupifupi 170,000 pa sekondi, kupitirira theka la liwiro la kuwala. Ubwino wa cyclotron ndi wakuti simusowa mavolti 200 miliyoni. Mumakankha pang'onopang'ono ndi mavolti ochepa, koma maulendo mazanamazana.

Nambala ya K imanena mphamvu ya maginito pokhotetsa. K200 ikutanthauza kuti maginitowo angathe kugwira pulotoni mpaka 200 MeV. Tizidutswa tolemera timatuluka ndi mphamvu yocheperapo pa pulotoni kapena nyutironi iliyonse ya m'kati mwake. Phata (chapakati cha atomu) la helium, mwachitsanzo, lingafike 200 MeV lonse pamodzi, kutanthauza 50 MeV pa kalikonse mwa tizidutswa take tinayi.

Musasokoneze mphamvu ndi kuchuluka. Kuchuluka kwa bimu kumayezedwa ndi ma microampere, ndipo microampere imodzi ndi mapulotoni oposa 6 thiriliyoni pa sekondi. Kusiyana kumeneku kubweranso pa funso la kukweza makina.

Kodi ku Africa kuno ilipo cyclotron ya kafukufuku?

Ilipo. Yaikulu ili ku Faure, pakati pa Cape Town ndi Somerset West, pa malo otchedwa iThemba LABS amene amayendetsedwa ndi National Research Foundation. Kale malowa ankatchedwa National Accelerator Centre. Makina ake aakulu ndi Separated Sector Cyclotron, mwachidule SSC, a K200, amene anayamba kutulutsa bimu chapakati pa zaka za m'ma 1980. Ali ndi maginito anayi olemera matani pafupifupi 1,400 onse pamodzi, ndipo m'mimba mwake ndi mamita oposa 13.

SSC siyamba ntchito payokha. Imalandira tizidutswa tothamanga kale kuchokera ku ma cyclotron awiri ang'onoang'ono, SPC1 ya tizidutswa topepuka ndi SPC2 ya tolemera. Kuti pulotoni ifike 200 MeV, SPC1 imayamba yaifikitsa pa 8 MeV.

N'chifukwa chiyani maginito a SSC anagawidwa panayi m'malo mokhala chimbale chimodzi?

Chifukwa lamulo tanena m'funso lachiwiri limayamba kuphonya liwiro likayandikira la kuwala. Monga anafotokozera Einstein, kachidutswa kothamanga kwambiri kamachita ngati kalemera. Pulotoni ya 200 MeV imachita ngati yalemera ndi 21 peresenti. Kolemera kamachedwa kuzungulira, kamafika pa mpata magetsi atasintha kale, ndipo m'malo mokankhidwa kamabwezedwa. Cyclotron yachikale inkalekera pa 20 MeV kapena chapompo.

Njira zothetsera vutoli zinapezeka ziwiri. Yoyamba ndi kutsitsa kamvekedwe ka RF pamene tizidutswa tikulemera. Makina otero ndi synchrocyclotron, monga a 600 MeV amene anali oyamba ku CERN, malo a kafukufuku wa fizikisi a mayiko a ku Ulaya, kuyambira 1957 mpaka 1990. Kuipa kwake, bimu imatuluka modukizadukiza ndipo imachepa.

Yachiwiri ndi kuwonjezera mphamvu ya maginito chakumphepete kuti nthawi yozungulira isasinthe. Koma mukatero bimu imayamba kumwazika m'mwamba ndi pansi n'kumagunda denga la chipinda. L. H. Thomas anasonyeza mu 1938 kuti maginito akakhala ndi mapiri ndi zigwa, kolimba kutsatizana ndi kofooka, kusinthana kumeneko kumafinya bimu kuti ibwerere pakati. SSC inatengera nzeruyi pamapeto penipeni: zigwazo zilibe chitsulo n'komwe, ndi mipata chabe. M'mipatamo ndi mmene anaika zokankhira zazikulu za RF, mapampu ndi zipangizo zolowetsera ndi kutulutsira bimu. Wokonza makina amayamikanso mipata imeneyi, chifukwa manja ake amafika.

Bimu imatuluka bwanji m'makina?

Ili ndi gawo lovuta kuposa onse. Chakumphepete mizere ya bimu imayandikana kwambiri, ndipo muyenera kupatula mzere wotsiriza wokha. Njira imodzi ndi kuika kachitsulo kopyapyala pakati pa mzere wotsiriza ndi wotsatira, pamodzi ndi magetsi amphamvu okokera bimu kunja. Bimu ikaphonya pang'ono imagunda kachitsuloko, kamatentha, mwinanso kusungunuka.

Njira ina ndi yochenjera. Mumathamangitsa haidrojeni yokhala ndi elekitironi yowonjezera, imene imakhotera mbali imodzi. Ikafika pa mphamvu imene mukufuna, imadutsa pa kapepala kopyapyala ka kaboni kamene kamaivula maelekitironi onse awiri. Yatsala pulotoni yokha, imakhotera mbali inayo, n'kutuluka yokha. Umu ndi mmene imagwirira cyclotron ya TRIUMF ku Vancouver, m'dziko la Canada, ya mphamvu pafupifupi 500 MeV, yokhala ndi maginito a matani 4,000 ndi mamita 18 m'mimba mwake, imene inatulutsa bimu yoyamba mu December 1974. Mukasuntha kapepalako mumasintha mphamvu ya bimu, ndipo mukaika tiwiri mumatulutsa mabimu awiri nthawi imodzi.

Woyendetsa makina amachita chiyani pa shifiti yake?

Makinawa amayenda usana ndi usiku, ndipo m'chipinda chowongolera simusowa munthu. Ntchito yaikulu ndi kutchuna. Woyendetsa amayamba ndi gwero la tizidutswa, kumene gasi amasandutsidwa plasma, kutanthauza gasi amene maatomu ake avulidwa maelekitironi. Akapeza bimu yokhazikika amaitsogolera gawo ndi gawo: m'makina ang'ono, m'paipi yolumikiza, m'makina aakulu, mpaka ku chandamale. Pa gawo lililonse amatsekereza bimu ndi chikho choyezera, kuona kuti yafika yochuluka bwanji, n'kusintha magetsi a maginito mpaka yotayika ichepe. Amayamba ndi bimu yochepa kwambiri. Yambiri imatsegulidwa njira yonse itawongoka.

Manambala a ulendo wapita amasungidwa m'kompyuta, koma sakwanira paokha. Chitsulo cha maginito chimasunga chikumbukiro cha mphamvu imene chinali nayo, ndiye musanaike pa mlingo watsopano mumayamba mwakweza ndi kutsitsa magetsi motsata ndondomeko. Maginito aakulu amatenganso nthawi kuti akhazikike. Madzi oziziritsa akatenthera pang'ono, chitsulo chimafutukuka ndipo bimu imasendera. N'chifukwa chake kusintha mtundu wa tizidutswa kapena mphamvu kumadya maola ambiri.

Tinene mosabisa kuti anthu amenewa salandira ulemu wokwanira. Mayina amene amamveka ndi a ofufuza, koma woyendetsa wa zaka makumi awiri amaona mzere ukugwedera pa sikirini n'kudziwa kuti gwero latsala pang'ono kuzima alamu isanalire. Nzeru yotere ili m'mitu ya anthu ndi m'buku la shifiti. Malo amene salemba bukuli mosamala amaluza zambiri tsiku limene mmisiri wamkulu wapuma pa ntchito.

Chimawonongeka kawirikawiri n'chiyani?

Si maginito ayi. Chitsulo chimakhala zaka zambirimbiri. Zovuta zimachokera ku zinthu wamba: paipi ya madzi yodontha, mphira wotsekera mpweya umene wauma ndi cheza, pampu yotopa, makina operekera magetsi, mavavu a RF amene atha, ndi gwero la tizidutswa limene mbali zake zimadyeka n'kufuna kusinthidwa pafupipafupi. RF imathethekanso m'kati n'kuzima yokha, makamaka chipinda chikangotsegulidwa kumene. Pamenepo mumaikweza pang'onopang'ono kwa maola mpaka zitsulo zitazolowera.

Kuthima kwa magetsi ndi mdani wamkulu. Ngakhale kuphethira kwa sekondi imodzi kumagwetsa RF ndi maginito. Kukatalika mapampu amaima, mpweya umayamba kulowa, ndipo kubwezeretsa zonse kungatenge tsiku lathunthu kapena kuposa.

Kodi ndi yoopsa? Ingaphulike ngati malo opangira magetsi a nyukiliya?

Singaphulike motero. Mulibe mafuta a nyukiliya, ndipo palibe moto wodzisonkhezera wokha. Mukazimitsa magetsi, bimu yatha pomwepo.

Ngozi yake yeniyeni ndi cheza. Bimu ikagunda chitsulo imatulutsa manyutironi ndi cheza cha gamma, n'chifukwa chake makina amakhala m'zipinda za makoma a konkire onenepa mamita angapo. Bimu isanayatsidwe munthu amayendera chipinda chonse kutsimikiza kuti simunatsale wina, ndipo chitseko chikatsegulidwa bimu imadulidwa yokha. Zitsulo zimene zagundidwa zimapitiriza kutulutsa cheza makina atazima, choncho amisiri amadikira kuti zizizire, amayeza asanalowe, ndipo aliyense amavala kachipangizo kowerenga cheza chimene thupi lake lalandira. Bimu yotayika m'kati lero ndi cheza chimene mmisiri adzakumana nacho mawa. Kutchuna bwino ndi kusamalira mnzanu.

Magetsi a mavolti ambiri ndi maginito okoka zitsulo nazonso zimapha, ndipo munthu amaziiwala msanga chifukwa maganizo onse ali pa cheza.

Ofufuza amafuna kudziwa chiyani ndi bimu imeneyi?

Amafuna kudziwa mmene phata la atomu lamangidwira. Phata silioneka ndi maso kapena maikulosikopu, ndiye mumaliponyera kanthu n'kuona chimene chabwerako. Ku iThemba LABS kuli K600, chipangizo cha maginito chimene chimayeza molondola kwambiri mphamvu ya tizidutswa tochoka pa chandamale, ngakhale timene tangopitirira osakhota. Mphamvu imene yasowa ndi imene yatsala m'phata, ndipo imaulula mmene phatalo likunjenjemerera. Kulinso AFRODITE, gulu la zipangizo zogwira cheza cha gamma chochokera ku phata limene likuzungulira mothamanga. Zotsatira zake zimathandiza kumvetsa mmene kaboni ndi zinthu zina zimapangidwira m'kati mwa nyenyezi.

Kwina ma cyclotron apanga zinthu zatsopano zimene sizipezeka m'chilengedwe. Ku Dubna, m'dziko la Russia, bimu ya calcium-48 ndi imene inatulutsa zinthu zolemera kwambiri, mpaka chokhala ndi mapulotoni 118 m'phata. Mabimu amagwiritsidwanso ntchito poyesa ngati zipangizo za kompyuta zopita m'mlengalenga zingapirire cheza.

Munthu amapeza bwanji nthawi yogwiritsa ntchito bimu?

Amalemba pempho lofotokoza funso la sayansi, mtundu wa bimu, chandamale ndi kuchuluka kwa mashifiti. Komiti ya akatswiri imaunika mapempho n'kusankha. Zili ngati pa chigayo chimodzi cha mudzi wonse: matumba ndi ambiri, ndipo chigayo chikafa pa nthawi yanu mumabwerera pamzere. Wophunzira wa digiri yapamwamba angadikire miyezi kuti apeze masiku ochepa amene kafukufuku wake yense wadalira.

Tinamva kuti makina omwewa ankapanganso mankhwala. Zimagwirizana bwanji ndi kafukufuku?

Kwa zaka zambiri SSC inkasenza katundu mutatu. Bimu ya mapulotoni a 66 MeV inkapanga ma isotope a kuchipatala (mitundu ya maatomu yotulutsa cheza) komanso manyutironi ochizira khansa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Bimu ya 200 MeV inayamba kuchiza odwala mu 1993. Afizikisi ankapatsidwa makamaka mathero a sabata.

Ma isotope sadikira. Fluorine-18 imatha theka pa mphindi 110 zilizonse, iodine-123 pa maola 13, strontium-82 pa masiku 25, germanium-68 pa masiku 271. Zipatala zimakhala zaitana kale odwala, ndiye tsiku lopanga silingasunthidwe chifukwa choti wofufuza sanamalize. Kuwonjezera apo, kusintha bimu kangapo pa sabata kunkadya maola amene tafotokoza pa funso la shifiti.

Yankho lake linali kugula makina ena. Pansi pa ntchito yotchedwa South African Isotope Facility anaika Cyclone 70, cyclotron ya 70 MeV yopangidwa ndi kampani ya IBA ya ku Belgium, m'zipinda zimene kale zinali zochiziramo odwala, ntchito yochizayo itaima. Anaikhazikitsa mu 2023. Imatulutsa bimu ndi kapepala ka kaboni monga ya TRIUMF, ndipo imatha kudyetsa zandamale ziwiri nthawi imodzi. Cholinga n'chakuti ma isotope asamukire kumeneko, SSC itsale ya kafukufuku ndi maphunziro. Kwa ife, kumeneku ndi kukweza kwanzeru kuposa kwina kulikonse: SSC sinawonjezere MeV ngakhale imodzi, koma yapeza masiku.

Kukweza cyclotron kumatanthauza kuwonjezera mphamvu yake?

Kawirikawiri ayi. Mphamvu yotsiriza inamangidwa m'kukula ndi m'mphamvu ya maginito, ndipo kusintha zimenezo n'chimodzimodzi kumanga makina atsopano. Zimene zimakwezedwa ndi kuchuluka kwa bimu, ukhondo wake, mitundu ya tizidutswa, ndi kudalirika kwa makina.

Chitsanzo chabwino ndi cyclotron ya Paul Scherrer Institute ku Switzerland. Inayamba mu 1974 pa 590 MeV, ndipo mpaka lero ili pa 590 MeV. Anaikonza kuti izitulutsa ma microampere 100, koma yafika pa 2,400, mphamvu ya bimu yokwana mamegawati 1.4. Sanafikepo tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1980 anamanga makina atsopano olowetsera bimu a 72 MeV. Kenako anakweza RF, ndipo pomafika 2008 zokankhira zinayi za aluminiyamu zinali zitasinthidwa ndi za kopa zopirira mavolti ambiri. Kukankha kukakhala kwamphamvu, maulendo ozungulira amachepa, mizere ya m'mphepete imatalikirana, ndipo kachitsulo kopatula sikagundidwa. Werner Joho wa komweko anasonyeza kuti bimu imene mungatulutse imakwera mofulumira kwambiri maulendo akamachepa: mukawachepetsa ndi theka, malire amakwera pafupifupi kasanu ndi katatu.

Kukweza kwina sikuoneka n'komwe kwa mlendo. Gwero latsopano la mtundu wa ECR, limene limavula maelekitironi ambiri pa atomu yolemera, limapatsa makina akale mabimu amene sanali kuwatha. Zowongolera RF zachikale zimasinthidwa ndi za digito, monga anachitira ku iThemba LABS. Makompyuta owongolera amasamutsidwira ku mapulogalamu a EPICS amene malo ambiri otere amagawana. Mapampu, mapaipi ndi mawaya amasinthidwa. Nthawi zambiri chokakamiza si chilakolako cha zatsopano, koma kuti masipeyala anasiya kupangidwa.

Kukweza kumachitika liti, popeza makina sapuma?

Chaka chilichonse pamakhala nyengo yozimitsa makina kwa masabata angapo. Ntchito imakonzedwa miyezi isanafike nyengoyo, zipangizo zatsopano zimayesedwa panja, ndipo zakale sizitayidwa msanga kuti zikavuta mubwerere. Lamulo labwino ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha zitatu bimu n'kukana kutuluka, simudziwa choyamba kuchiyang'ana.

Bwanji osangotaya makina a zaka 40 n'kugula atsopano?

Ma cyclotron ang'onoang'ono a ma isotope amagulidwa kufakitale. Aakulu a kafukufuku amamangidwa amodziamodzi, ndipo mtengo waukulu uli m'maginito, nyumba ndi makoma a konkire, zinthu zimene sizikalamba msanga. Kugwetsa nakonso n'kodula chifukwa zitsulo zili ndi cheza. Nthawi yosiya imafika pamene funso la sayansi lakula kuposa makinawo. Ku Michigan State University anamanga cyclotron yoyamba ya maginito ozizira kwambiri osataya magetsi, K500, imene inayamba mu 1982, koma mu 2020 anazimitsa ma cyclotron awo kuti apereke malo kwa FRIB, makina othamangitsa mowongoka.

Makina owotchera khansa a ku Lilongwe kapena ku Lusaka ndi cyclotron?

Ayi. Zipatala zambiri za khansa zimagwiritsa ntchito linac, imene imathamangitsa maelekitironi mowongoka n'kupanga X-ray yamphamvu, kapena makina a cobalt-60. Cyclotron imalowa m'chipatala m'njira ziwiri: kupanga ma isotope ojambulira m'thupi ndi makina a PET, ndi kuchiza ndi mapulotoni. Popeza fluorine-18 imatha msanga, chipatala chofuna PET chiyenera kukhala ndi cyclotron yaing'ono pafupi, kapena ndege yodalirika yobweretsa mankhwala tsiku lomwelo.

Ndikufuna kudzagwira ntchito imeneyi. Ndiphunzire chiyani?

Limbikirani masamu ndi fizikisi, makamaka magetsi ndi maginito. Koma khomo si limodzi. Pa wofufuza mmodzi pamafunika mainjiniya a zamagetsi ndi RF, amisiri a zitsulo ndi owotcherera, odziwa mapampu, olemba mapulogalamu a kompyuta, akatswiri a kemisitiri ndi oteteza anthu ku cheza. Wophunzira wa ku Malawi kapena Zambia nthawi zambiri amalowera pa digiri ya masters kapena PhD pa yunivesite ya ku South Africa imene imagwira ntchito ndi iThemba LABS, kapena pa maphunziro othandizidwa ndi IAEA, bungwe la padziko lonse loona za mphamvu ya atomu. Mukadzafika, pemphani kukhala shifiti ya usiku ndi oyendetsa makina, mutenge kope ndi cholembera, ndipo mufunse chifukwa cha batani lililonse limene akhudza.